Kukanena Maliro ku Katete

Lolemba

Mawa ndikupita ku Zambia. Ndalemba mawu amenewa, kenako ndakhala ndikuwayang'ana ngati walemba ndi munthu wina.

Esinati, mkazi wanga, tinamuika m'manda mwezi watha. Mkulu wake, a Felesiya, amene anamulera mayi awo atamwalira, anakwatiwa ku Katete kalekale, ndipo mpaka lero sakudziwa. Sabata ya maliro anali m'chipatala, magazi atathamanga mpaka mkono umodzi kufa. Mwana wawo Aginesi anatichonderera pa foni: "Musawauze kaye, adokotala akuti asadzidzimuke." Tsopano atuluka, akupezako bwino. Banja lagwirizana kuti uthenga wotere si wa pa foni. Munthu apite, akhale pamphasa, amwe madzi, afunse za moyo, kenako anene pang'onopang'ono, asanamve kwa wina wongodutsa.

Woyenera kupita ndi a Yohane, mlongo wawo, mwini mbumba. Koma miyendo yawo yatupa, nsapato zikukana. Ndadzipereka ine. Ndinali pambali pa Esinati mpaka pomaliza. Zimene a Felesiya adzafunse, woyankha ndine ndekha.

Dongosolo, lotchipa, loyenera mphunzitsi wopuma pa ntchito:

kabaza kutsika phiri mpaka ku Mponela
minibasi ya ku Lilongwe
ina ya ku Mchinji
kuwoloka boda
Chipata, kenako basi ya ku Katete

Kunyamuka mbandakucha, dzuwa likamalowa ndili pamphasa. Chikwama chimodzi. Chimodzi basi!

Moyo wanga wonse ndaphunzitsa ana mapu. Ndikudziwa mitsinje ya m'mayiko amene sindidzawaona, ndawerenga za anthu owoloka zipululu pa ngamira, koma phazi langa silinapitirirepo Namitete. Esinati ankandiseka: "Aphunzitsi, mwamaliza dziko lonse muli pampando." Wa maulendo anali iye. Ine ndinkangomuperekeza kumsewu n'kubwerera ku mabuku anga.

Ndikuyeserera mawu oyamba. "Alamu, mtengo waukulu wagwa." Ayi, amenewo ndi a mlaliki. "Alamu, Esinati kulibe." Afupika, akubaya. Ndiganiza m'njira.

Lachiwiri

Sindinapite.

Ndavala jekete, chikwama paphewa, wa kabaza akuliza hutala panja. Pomwepo kulira kukumveka kumusi kwa njira. Abale a ku Bowe! Pa maliro sanabwere, anali pa ntchito ya fodya, ndiye afika lero kudzapepesa. Anyamuka kusanache kuti andipeze pakhomo. Andipezadi.

Munthu wodzapepesa suungamuuze kuti uli pa ulendo. Jekete ndavula. Wa kabaza ndamubweza, wapita akung'ung'udza za mafuta ake.

Takhala pamphasa. Alira, ndalira. Ndafotokoza za matenda kuyambira poyamba. Tapita kumanda, taimba nyimbo, tabwerako. Tisanamalize tiyi, afika aphunzitsi anzanga akale awiri. Ndafotokozanso. Masana afika amayi a mumpingo ndi nkhuni. Ndafotokozanso, ndipo ndazindikira kuti nkhaniyi yayamba kusalala m'kamwa mwanga ngati phunziro la chaka ndi chaka. Ndachita nazo manyazi.

Cholakwa changa cha lero: mayi wina wafunsa za chikwama chili pakhomo, ine ndayankha zoona.

"Ku Zambia? Aphunzitsi akupita ku Zambia!"

Esinati akanati chikwamacho ndi cha zovala zokachapa. Iye ankadziwa kuti ulendo suulengezedwa. Ankangosowa m'mawa ngati mame, tikamva ali kale ku Mponela.

Ndaimbira Aginesi kuti ndifika mawa. Akuti mayi ake afunsa chifukwa chake wasesa chipinda cha alendo. Wawayankha kuti muli akangaude.

Lachitatu

Sindinapitenso. Lero ndaphunzira kuti mudzi uno wonse uli ndi abale ku Zambia. Zaka zonsezi palibe anawatchulapo.

Zimene zafika pakhonde chiyambire m'mawa:

thumba la mtedza, la mwana wa a Nachisale
ufa woyera, chifukwa "wa kumeneko sukoma"
mbatata ya kachewere, theka la thumba, koma theka lolemera
mfutso wa nkhwani m'chigoba cha penti
mpini wa khasu (mpini!)
nkhuku yamoyo, yochokera kwa a Yohane

Mwana wa a Nachisale ali ku Kitwe. Ndatulutsa mapu, ndawasonyeza ndi chala pamene pali Katete, kenako chala chayenda, chayenda, mpaka ku Kitwe. Ayang'ana mwaulemu ndithu. "Koma ndi Zambia yomweyo, aphunzitsi. Mukangofunsa, ndi wamtali, woderapo."

Ndikanakana. Koma awa ndi anthu amene anagona panja pa nyumba yanga usiku wozizira uja, anakumba manda, anatunga madzi, anaphikira khamu lonse. Munthu amene anakukumbira manda a mkazi wako ungamukanire mpini wa khasu?

Za nkhuku, a Yohane akuti: "Simungakanene maliro chimanjamanja, alamu." Ndipo awonjeza china, chachikulu kuposa thumba la mtedza: "Namfedwa sayenda yekha. Maganizo angakugwireni pamsewu. Mupita ndi Kachiza."

A Kachiza ndi msuweni wa Esinati. Mtima wabwino, mapewa a ng'ombe, mawu a belu la tchalitchi. Akanong'ona kuno, kutsidya kwa dambo amayankha. Ndawakhazika pansi, ndawafotokozera kuti nkhaniyi ndi yosunga mpaka titafika pamphasa. Adziguguda pachifuwa. "Ine pakamwa ndi loko, aphunzitsi!" Nkhuku yadzidzimuka.

Madzulo ndakumbukira pasipoti. Tinapangitsa limodzi ndi Esinati, chaka cha ukwati wa Aginesi. Iye anapita, ine ndinatsalira mayeso a ana. Zinthu zofunika zonse Esinati ankasunga m'sutikesi yake, pansi pa bedi. Chimwalirireni sindinaitsegule.

Ndatsegula. Bulauzi yake yoyera ya kumpingo ili pamwamba, yopindidwa mmene amapindira iye, manja m'kati. Fungo la sopo wake. Ndalowetsa dzanja m'mbali osayang'ana, ndakhudza kabuku kolimba, ndakasolola, ndakaponya m'thumba la jekete, ndatseka msanga. Ndatuluka kukayang'ana mbuzi, ngakhale mbuzi zinali bwinobwino.

Lachinayi

Tanyamuka! Njinga zitatu: ine, a Kachiza ndi nkhuku, katundu. Chikwama chimodzi chija chili penapake pansi pa mbatata.

Mphepo ya m'mapiri ikucheka makutu. Fumbi. Ana a sukulu akutibayibitsa ngati akwati. Pa chitunda china njinga ya katundu yakana kukwera, tatsika tonse kukankha. Wapaulendo wa m'mabuku sakankha njinga. Kapena amakankha koma salemba.

Ku Mponela ndasankha minibasi ndekha, mwanzeru. Ndaona imodzi yotsala mipando iwiri yokha, ndati iyi inyamuka pompano. Talipira, matumba akwera pa mtengo wa anthu, takhala. Pakubwera mayi ndi mwana, mnyamata wa pambali panga akutsika. Pakubwera mkulu wina, winanso akutsika. Kani onse aja si apaulendo, ndi anyamata a pasiteji ongokhalamo kuti galimoto ioneke yodzaza! Apaulendo enieni tinali ine, a Kachiza ndi nkhuku.

A Kachiza: "Ine ndinadziwa, koma ndinati aphunzitsi ndi ophunzira."

Dzuwa lafika pamutu tili pomwepo. Ndadya chimanga chootcha. Ndayesanso mawu: "Alamu, ndabwera ndi katundu wolemera." Ndayang'ana matumba, ndawasiya mawuwo.

Tanyamuka masana. Tisanapite patali, dalaivala walowa pa mzere wa mafuta, ife tili momwemo. Nkhuku yaikira dzira pansi pa mpando. Kondakitala akuti dziralo ndi lake, poti laikiridwa m'galimoto mwake. Minibasi yonse yaweruza mlanduwu mpaka ku Lumbadzi. Ndaseka, koyamba chichitikireni maliro, kenako ndatembenuka kuti ndione ngati Esinati akusekanso. Pambali panga panali thumba la ufa.

Lilongwe, dzuwa litapendeka. Ku Mchinji lero ayi. Tagona kwa mwana wanga Tadala. Waona katundu, wagwira pakamwa.

"Ababa, bwanji osangokwera ndege?"

Wayang'ana pa foni yake, wanditchulira mtengo. Ng'ombe yathunthu! Ndiponso ndegeyo imadumpha Katete n'kukakutula ku Lusaka, kuti ukwerenso basi tsiku lonse kubwerera kumene wadutsa uli m'mwamba. A Kachiza afunsa ngati m'ndege nkhuku imalipira. Tadala wapita kukhitchini, mapewa akugwedezeka. Amaseka ngati mayi ake, chakumbali.

Aginesi pa foni: "Bambo aang'ono, fulumirani. Mayi ayamba kufunsafunsa. Akuti anthu m'nyumba muno akuyenda ngati amphaka."

Lachisanu

Sindikudziwa poyambira.

Minibasi ya ku Mchinji, m'mawa. Ulendo uno ndayamba ndayang'ana ngati okwera ali ndi katundu. Ndaphunzira. Tadutsa Namitete: kuyambira pano mtengo uliwonse ndi watsopano. Mitengo yake ndi yomweyi ya kwathu.

Pafupi ndi a Kachiza pakhala mayi wina wa geni ya zitenje, wa ku Zambia, wansangala. Ine ndatsinzina pang'ono. Podzidzimuka ndikumva belu lija:

"Tikukanena maliro ku Katete, mayi. Koma ndi chinsinsi!"

Minibasi yonse yapepesa. Dalaivala watsitsa wailesi. Mayi uja ndi wa cha ku Katete komweko. Wafunsa mudzi, a Kachiza atchula. Wafunsa dzina, atchula. Ndawaponda phazi, iwo asuntha phazilo mwaulemu kuti ndipeze malo. Mayiyo wandigwira dzanja, misozi ili m'maso, wandipatsa nthochi ziwiri. Munthu wabwino. Anthu onse a sabata ino ndi abwino, ndiye vuto lake.

Ku Mchinji takwera kagalimoto kopita pa boda, anayi kutsogolo, dalaivala akuyendetsa atakhala theka panja. Osintha ndalama atizinga ngati njuchi. Mkulu wina wa yunifolomu wayang'ana matumba athu, wafunsa kalata ya mbewu, wafunsa kalata ya nkhuku. Nkhuku ili ndi kalata! Ndati tikambirana, ndiyambe ndadinditsa.

Pa windo pali mtsikana wa msinkhu wa Tadala. Ndapereka moni, ndatulutsa pasipoti m'jekete, ndapereka ndi manja awiri. Watsegula. Wayang'ana kabukuko, wayang'ana ine, wayang'ananso kabukuko.

"Bambo, mayiwa ali kuti?"

Watembenuza kuti ndione. Esinati. Duku lake la maluwa lija, milomo atamanga kuti asaseke, chifukwa wojambula anamuletsa kuseka ndipo ine ndinali kumbuyo kwa wojambulayo ndikumuchitira nkhope.

Ndayesa kuyankha. Sabata yonse ndakhala ndikusula mawu okanenera anthu kuti Esinati ali kuti, ndipo pa windo la boma, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga, palibe ngakhale limodzi latuluka. Ayankha ndi a Kachiza, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, motsitsa.

Mtsikanayo watuluka m'kaofesi kake, wandipezera mpando ndi madzi. "Pepani, bambo. Koma sindingakudindireni." Ndikudziwa, mwanangu. Ndinaphunzitsa zimenezi.

Ndiye kwatulukanso china: a Kachiza alibe pasipoti n'komwe. Abwera ndi chitupa cha unzika ndi khadi la ubatizo. Akuti amaganiza kuti woperekeza safunsidwa.

Anyamata a njinga atinong'oneza za njira ya kutchire, yodutsa m'minda, yopanda windo. A Kachiza maso awala. Ine ndakana. Ndikagwidwa, Aginesi adzakhala ndi nkhani ziwiri zobisira mayi ake.

Mayi wa zitenje wadinditsa yake, watiimikira dzanja, wawoloka.

Ndaima pa waya kuyang'ana Zambia. Dothi lofiira, mbuzi, mwana akukankha tayala. Ndaimbira Aginesi, ndamuuza kuti ndibwerera kukatenga pasipoti yanga, apirire masiku ochepa. Wangoti, "Chabwino, bambo aang'ono," mawu a munthu wotopa ndi kunama.

Tagona ku Mchinji, chipinda chotchipa, bedi limodzi. Nsikidzi zapepesanso.

Loweruka

Ulendo womwe uja, chobwerera. Matumba alipiranso ngati anthu. Ku Lilongwe sindinadutse kwa Tadala, ndilibe nkhope. Ku Mponela wa kabaza yemwe uja wationa, watsegula pakamwa, watsekanso. Mulungu amudalitse.

Kubweza katundu kwa eni ake ndi ntchito yoposa kumunyamula.

A Nachisale: "Mwabwerako kale? Ali bwanji mwana wanga, wanenepa?"
Mwini ufa wanunkhiza thumba lake, akuti lamva dizilo.
Mwini mpini akuti ndiusunge, ndidzapita nawo ulendo wina.
Mbatata yachepa. A Kachiza akuti mbatata imafota ikayenda.

Nkhuku yabwerera kwa a Yohane, yowonda, yodziwa dziko. Ikuyenda pabwalo osalankhula ndi zinzake.

A Yohane sananditonze. Amvetsera zonse, apukusa mutu, kenako apempha kuona pasipotiyo. Ayang'ana chithunzi cha mlongo wawo nthawi yaitali, chala chili pa duku. "Anafuna kukaona mkulu wake," atero. "Inu munangomunyamula." Sindikudziwa ngati amanditonthoza kapena amakhulupiriradi. Sindinafunse.

Ndikanatsegula kabuku kaja Lachitatu. Kungotsegula basi! Munthu amene ndatsegula mabuku moyo wanga wonse, ena osafunika n'komwe.

Mawa ndipuma, ndipemphera. Lolemba ndinyamuka ndekha, kusanache, osauza munthu.

Lamulungu

Pasipoti yanga ndaipeza m'mawa uno. Inali pa shelefu, m'kati mwa buku la mbiri yakale, ikusunga tsamba limene ndinalekezera zaka zapitazo. Yoyera, yosadindidwa, ngati mwana wosabatizidwa.

Pochokera ku tchalitchi, foni yalira kamodzi n'kuduka. Aginesi. Ndaimba ine.

Mayi wa zitenje uja. Dzulo masana. Anawerengera kuti ife tinafika Lachisanu, uthenga tinanena, ndiye iye monga munthu woleredwa bwino wagula shuga, wamanga chitenje, wapita kukapepesa. Kulira anayambira kumsewu, monga mwa mwambo. A Felesiya anali pakhonde akuwothera dzuwa. Aginesi anali kumjigo.

Ndakhala pansi, pa mwala wa pakhomo. Ndafunsa ngati a Felesiya ali moyo.

"Ali moyo. Analira mpaka madzulo, osadya. Lero amwa phala. Akufuna inuyo."

Kenako mawu awo, olemera mbali imodzi chifukwa cha matenda aja, koma kalankhulidwe kake ka Esinati, kokweza kumapeto.

"Alamu."

"Alamu, pepani. Ndinali m'njira. Ndinafika pa boda penipeni."

"Ndamva. Uthenga wafika, wabwera ndi munthu wachifundo, wandibweretsera ndi shuga. Koma sakudziwa kanthu. Ndamufunsa ngati mwana wanga anavutika, sakudziwa. Ndamufunsa anamusambitsa ndani, sakudziwa. Ngakhale dzina lake sakulidziwa. Inu munalipo. Yambani poyamba, musadumphe."

Palibe mphasa, palibe madzi, palibe kufunsana za moyo. Ndayamba. Ndawauza za m'mawa uja tikusenda mtedza pakhonde, iye akundidzudzula kuti ndikudya wambiri kuposa umene ndikusenda. Aseka pang'ono, ndamva. Ndawauza mmene anaikira dzanja pachipumi n'kunena kuti dzuwa lalero likubaya, chonsecho kunali mitambo. Mmene ndinamuuzira kuti akagone, iye n'kukana chifukwa nyemba zinali pamoto. Ndafika pamene tinkafuna galimoto yopita kuchipatala.

Foni yati tii, tii. Mayunitsi atha. Kuimba kunja kumadya ngati moto wa m'chilimwe.

Wogulitsa mayunitsi ali kutsidya kwa dambo, ndipo Lamulungu satsegula. Aginesi alibe, n'chifukwa chake anangoliza kamodzi. Mawa ndigula, ndiimba, ndidzapitanso ndithu miyendo ikalola. Koma chimene ndinatumidwa chachitika kale, wachita ndi mlendo, pakhonde, dzuwa likuswa mtengo.

Anati ndisadumphe. Ndiye foni ndaisiya pakhutu pomwepo, ndapitiriza: galimoto ya a sitolo, msewu wa mabampu, mutu wake pamwendo panga, zimene ananena tikudutsa pa mlatho, amene anamusambitsa, nyimbo imene anaimba amayi potuluka m'nyumba. Ndafotokoza zonse bwinobwino, pang'onopang'ono, mpaka pa nkhata zamaluwa.

Sindinadumphe kanthu.